Kakhadi ka m'foni m'kamera: zomwe adaputa imachita ndi zomwe singachite

Loweruka lina ku Ulongwe, akwati akutuluka m'tchalitchi, amayi akululutira, mnyamata wojambula anangoima pakhomo maso ali kumbuyo kwa kamera yake. Kamerayo inkakana kujambula, ikuti khadi ndi lotseka. Anatulutsa khadilo, nalipukuta pa shati, nalibwezera. Uthenga womwewo. Bambo wina amene wakhala akujambula kuyambira nthawi ya mafilimu anamuyandikira nati, "Achimwene, tabweretsani kuno." Anayang'ana m'mphepete mwa khadilo, anakankha kachidutswa kena ndi chikhadabo, n'kumubwezera. Kamera inavomera. "Ili si khadi ayi," anatero bamboyo, "ichi n'chigoba chabe. Khadi lenileni lili mkatimu."

Chigoba chimenecho ndicho adaputa. M'misika ya ku Tete, Moatize kapena Zóbuè, khadi losavuta kupeza ndi kakang'ono kaja ka m'foni, kotchedwa microSD, chifukwa mafoni, mawailesi ndi masipika a nyimbo ndi ambiri kuposa makamera. Kamera nayo imafuna khadi lokulirapo. Ndiye ojambula ambiri amagula kakang'onoko n'kukaveka chigoba. Ena amati achita zimenezi kwa zaka popanda vuto, ena amalumbira kuti adaputa inawadyera zithunzi za ukwati wonse. Onsewa akhoza kukhala akunena zoona. Chisokonezo chimabwera chifukwa dzina limodzi lakuti adaputa likutchula zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, komanso chifukwa milandu yambiri yomwe adaputa imasenzetsedwa ndi ya khadi kapena ya kamera.

Makhadi awiri a mtundu umodzi

Makamera osafuna filimu atayamba kufala m'zaka za m'ma 1990, makampani sanagwirizane za khadi losungirapo zithunzi. SanDisk inatulutsa CompactFlash mu 1994, Toshiba inabwera ndi SmartMedia mu 1995, Sony ndi Memory Stick mu 1998, ndipo mu 2002 Olympus ndi Fujifilm anapanga lawolawo lotchedwa xD. Ukagula kamera, unkamangika ku khadi la kamerayo. Lomwe linadzafala kuposa onse ndi SD, lomwe SanDisk, Panasonic ndi Toshiba analengeza mu 1999. Ndi la mamilimita 32 m'litali ndi 24 m'lifupi, pafupifupi ngati sitampa ya papositi.

M'foni khadi lotere linali lalikulu. Mu 2004 SanDisk inapanga kakhadi ka mamilimita 15 ndi 11, kongofanana ndi chikhadabo, n'kukatcha TransFlash. Chaka chotsatira bungwe la SD Association linakalandira m'banja lake ndi dzina lakuti microSD. Dzina lakalelo silinafe: zilembo za TF zomwe mumaona pa masipika ndi mawailesi a pamsika zikunena kakhadi komweka.

Mfundo yaikulu ndi yakuti SD ndi microSD amalankhula chinenero chimodzi. Magetsi awo ndi ofanana, kachitidwe kolemba ndi kowerenga n'kofanana. Zili ngati munthu wa ku Tsangano ndi wa ku Ntcheu akakumana pamsika wa ku Lizulu. Mmodzi ali ndi mametikali m'thumba, wina makwacha, koma potsatsana mbatata safuna womasulira.

Adaputa yoyamba: chigoba cha timawaya

Amene amadutsa malire a Calómuè amaidziwa nkhani ya tchaja. Yogula ku Lilongwe ili ndi mano atatu amakona, pomwe masoketi athu kuno ali ndi mabowo ozungulira. Umagula kachipangizo kolumikizira, ndipo kachipangizoko sikawonjezera magetsi kapena kuwachepetsa. Kamangofikitsa dzino pamalo pake.

Adaputa ya microSD kupita ku SD ndi yotero. Mukaiswa mupeza mapulasitiki awiri opyapyala ndi tizitsulo tating'ono tolowera mbali imodzi. Mulibe tchipi, kaubongo kamagetsi kaja, mulibe chosungira chilichonse. Kakhadi kakang'ono kali ndi malo 8 okhudzira magetsi, lalikulu lili ndi 9, ndipo achisanu ndi chinayiwo amangobwereza njira ya magetsi yomwe ilipo kale. Tizitsuloto timatenga asanu ndi atatu aja n'kuwafikitsa pomwe kamera ikuyembekezera.

Apa pakutuluka mayankho awiri. Adaputa singachepetse kukongola kwa chithunzi, pakuti chithunzi chimayenda ngati manambala: amafika onse, kapena fayilo imawonongeka n'kuoneka poyera kuti yawonongeka. Chithunzi chikatuluka chosaoneka bwino, funsani galasi la kamera, kuwala, kapena dzanja lomwe linanjenjemera. Ndipo adaputa siwonjezera malo. Yomwe yalembedwa dzina la kampani yotchuka ikavala kakhadi ka 8 GB, malo ake ndi 8 GB basi.

Chomwe imawonjezera ndi mfundo pa chingwe. Khadi la SD lenileni limakhudzana ndi kamera pamalo amodzi. Ndi adaputa malo okhudzana amakhala awiri: kamera ndi chigoba, chigoba ndi kakhadi. Chingwe chikamaduka chimakonda kudukira pa mfundo. Fumbi la malasha la ku Moatize, thukuta la m'thumba la malaya, chinyezi cha dzinja ku Angónia, zonsezi zimalowa pampata pomwe kakhadi kamalowera. Kamera ikataya kukhudzana kwa kamphindi pamene ikulemba, fayilo imeneyo yapita, ndipo nthawi zina kaundula wa khadi lonse, wosonyeza pomwe fayilo iliyonse ili, amasokonekera.

Palinso nkhani ya pulasitiki. Adaputa zambiri zimabwera ngati basela m'paketi ya kakhadi, ndipo ndi chinthu chotsika mtengo kuposa zonse m'chikwama cha wojambula. Mu mzinda wa Tete, mwezi wa October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Makhadi ambiri amapangidwa kuti apirire mpaka madigiri 85, pomwe mabuku a makamera ambiri amati 40, koma chigoba chosiyidwa pa dashibodi ya chapa masana onse chimatha kupindika kapena kuyasama pa msoko wake. Timizere tapulasitiki tolekanitsa tizitsulo ta kunsonga timathyoka msanga, ndipo kachidutswa kakatsalira m'bowo la kamera, kukonzetsa kwake kumadya ndalama zoposa mtengo wa makhadi angapo. Adaputa yoyasama siyofunika kuimata. Ndi yotaya.

Chizolowezi chomwe chimaikalambitsa msanga n'chodziwika kwa aliyense wojambula pa zochitika: kusolola kakhadi, kukaika m'foni kuti zithunzi zipite pa WhatsApp, kukabwezera, kangapo pa tsiku. Tizitsulo ta mkati timalefuka, ndipo kakhadi kamayamba kukhala kogwedezeka. Amene amaika kakhadi kamodzi n'kukasiya momwemo, ngati kuti ndi khadi limodzi, nthawi zambiri ndi aja amati sanaonepo vuto.

Kachotsekera ka m'mphepete

Tibwerere kwa mnyamata wa ku Ulongwe uja. Kumanzere kwa khadi la SD, ndi kwa adaputa, kuli kachidutswa kotsetsereka kolembedwa Lock. Anthu ambiri amaganiza kuti kamadula magetsi mkati mwa khadi. Ayi. Sikalumikizana ndi waya aliyense. M'bowo la kamera muli kachitsulo kofufuza komwe kamangomva ngati kachidutswako kali pamwamba kapena pansi, ndipo kakapeza kuti kali pansi, kamera imadziletsa yokha kulemba. Zili ngati nthambi yoika panjira ya kumunda: siitchinga munthu, koma wodziwa mwambo akaiona amabwerera.

Kakhadi ka microSD kalibe kachotsekera, choncho uthenga wa khadi lotseka kawirikawiri umachokera ku chigoba. Pa adaputa yakutha, kachidutswako kamakhala kolefuka, ndipo kamatsetsereka kokha pamene mukulowetsa. Mukatulutsa n'kukakweza, kamatsikanso. Ena amakamata ndi selotepi. Zimagwira, koma selotepi ikamatuka ndi kutentha imatsalira m'kamera. Dziwaninso kuti khadi lokalamba limatha kudzitsekera lokha kulemba likaona kuti latsala pang'ono kufa. Mukasintha adaputa uthenga n'kukhalabe, koperani zithunzi zanu msanga, khadilo latha.

Adaputa yachiwiri: womasulira

Makamera ambiri ogwiritsidwa kale ntchito omwe amafika kuno ndi a nthawi ya CompactFlash, monga Canon EOS 5D Mark II, EOS 7D yoyamba, kapena Nikon D300 ndi D700. Ndi makamera olimba, ndipo ojambula amawakonda. Koma CompactFlash si wachibale wa SD. Ili ndi timabowo 50 tolowa timisomali ta m'kamera, ndipo imalankhula chinenero cha ma hard disk akale a m'kompyuta. Timawaya tokha sitingathandize apa.

Adaputa ya SD kupita ku CompactFlash imakhala ndi tchipi mkati. Ntchito yake ndi ya womasulira wa kukhoti kapena kuchipatala, amene amamva agogo akufotokoza m'Chichewa n'kuuza dokotala m'Chipwitikizi. Womasulira wabwino amathandiza kwambiri, koma nkhani yodzera mwa iye imachedwerapo, ndipo akakhala wosadziwa mawu ena, uthenga umapotoka. Adaputa izi nthawi zambiri zimachedwa kuposa khadi la CompactFlash labwino, zimadyako batire pang'ono, ndipo imodzi ikhoza kugwira bwino m'kamera iyi n'kukana m'kamera inayo. Apa dzina la wopanga ndi mtundu wa tchipi zili ndi kanthu, mosiyana ndi chigoba chija.

Pali msampha wina wa kunenepa. CompactFlash ili pawiri: Type I ya mamilimita 3.3 ndi Type II ya mamilimita 5. Adaputa zambiri zolandira khadi la SD lalikulu ndi za Type II. Nikon D300 imalandira zonse ziwiri, koma D700 imalandira Type I yokha. Wokakamiza amapinda timisomali ta mkati, ndipo kamisomali kamodzi kakapindika n'kukhudza kanzake, kamera yonse ikhoza kuzima.

Za Memory Stick ndi xD tingodutsa. Makamera akale a Sony Cyber-shot amalandira adaputa ya microSD kupita ku Memory Stick PRO Duo, yomwenso ili ndi tchipi. Olympus inapanga adaputa yotchedwa MASD-1 yoika microSD m'bowo la xD, koma imagwira m'makamera ena a Olympus okha omwe anakonzedwera zimenezo. M'kamera ina iliyonse ya xD ndi yopanda ntchito.

Msinkhu wa kamera

Dandaulo lina lomveka kawirikawiri ndi ili: ndagula kakhadi katsopano ka 64 GB, m'foni kakugwira, m'kamera kakukana, ndiye kuti adaputa ndi yachabe. Nthawi zambiri adaputa ilibe mlandu.

Banja la SD lili ndi mibadwo. Woyamba umalekezera pa 2 GB. Mu 2006 kunabwera SDHC, kupitirira 2 GB mpaka 32 GB. Mu 2009 kunabwera SDXC, yopitirira 32 GB mpaka 2 TB (pafupifupi 2,000 GB), ndipo mu 2018 analengeza SDUC yoposa pamenepo. Maonekedwe ndi amodzimodzi, koma kawerengedwe ka malo ndi kalembedwe ka kaundula zinasintha: SDHC imagwiritsa ntchito kalembedwe kotchedwa FAT32, SDXC kotchedwa exFAT. Kamera yatsopano imawerenga mibadwo yakale, koma yakale siidziwa yatsopano. Kamera ya 2005 ikhoza kukana ngakhale khadi la 4 GB, ndipo ya 2008 kawirikawiri imalekezera pa 32 GB. Mlembi wa kale amene anazolowera kaundula wa masamba zana sangatsegule buku lolembedwa mwa njira yomwe sanaiphunzire, ngakhale mutalikutira bwanji.

Chizindikiro chimalembedwa pa kakhadi penipeni, HC kapena XC, ndipo buku la kamera limanena mibadwo yomwe imalandira. FAT32 ilinso ndi malire akeake: fayilo imodzi singapitirire 4 GB. N'chifukwa chake vidiyo yaitali ya Misa kapena ya msonkhano imaduka m'zidutswa, kapena kamera yakale imasiya kujambula payokha.

Liwiro, ndi chifukwa chomwe vidiyo imaimira

Ganizani za chigayo. Chimanga chimathiridwa pamwamba, ufa umatulukira pansi. Mukathira mofulumira kuposa momwe ufa ukutulukira, pothirapo pamadzaza ndipo wothira amadikira. Kamera ili ndi pothirapo pake, malo osungira kwa kanthawi, ndipo khadi ndiye potulukira. Mukajambula chithunzi chimodzichimodzi cha chiphaso, khadi lililonse likwanira. Mukajambula motsatizana, ovina akutimba fumbi pabwalo, kapena vidiyo yooneka bwino kwambiri ya 4K, khadi lochedwa limadzazitsa pothirapo, kamera n'kuima.

Zizindikiro za pa khadi zimanena liwiro lochepetsetsa lomwe khadi likulonjeza polemba. Nambala 10 mkati mwa C ndi 10 MB pa sekondi. U1 ndi 10 yomweyo, U3 ndi 30. V30, V60 ndi V90 ndi 30, 60 ndi 90, ndipo izi anazikonzera vidiyo. Nambala yaikulu yokopa maso pa paketi, monga 100 MB/s, nthawi zambiri ndi liwiro lowerenga, lomwe limakuthandizani pokopera ku kompyuta osati pojambula. A1 ndi A2 ndi za mapulogalamu a m'foni, kamera sizikhudza.

Kodi chigoba chimachedwetsa khadi? Chikakhala chabwinobwino, ayi, bola khadi ndi la gulu la liwiro lotchedwa UHS-I, lomwe malire ake ndi 104 MB pa sekondi. Vuto lili pa UHS-II, yomwe imafika 312. Makhadi amenewa ali ndi mzere wachiwiri wa tizitsulo kumbuyo, ndipo adaputa wamba ili ndi mzere umodzi. Kakhadi kodula ka UHS-II kakavala chigoba wamba kamagwira ndithu, koma pa liwiro la UHS-I. Ndalama yowonjezera ija mwangoitaya, pokhapokha mutapeza adaputa ya mizere iwiri ndi kamera yomwe ili nayonso.

Kakhadi kochokera m'foni, ndi kakhadi kabodza

Kakhadi kamene kakhala m'foni kamadzaza ndi nyimbo, mafoda a WhatsApp ndi zinyalala zina zosaoneka. Kamera imangofuna foda yake yosungiramo zithunzi, yotchedwa DCIM, ndi kaundula woyera. Njira yabwino ndi kukopera zonse kaye, kenako kufomata kakhadiko m'kamera momwemo, osati m'foni kapena pa kompyuta. Kufomata kumafufuta zonse, ndiye mawu akuti "kaye" musawadumphe. Komanso kuyambira pa Android 6.0 ya 2015, mafoni ena amafunsa ngati mukufuna kakhadi kakhale mbali ya memori ya mkati mwa foni. Mukavomera, foni imakamanga ndi kiyi wake, ndipo kamera singawerenge kanthu mpaka kakafomatidwe.

Choopsa kuposa zonse ndi khadi labodza, ndipo ndikuganiza kuti nkhani zambiri za "adaputa inandidyera zithunzi" zimayambira pano. Khadi lotere limalembedwa 64 GB kapena 128 GB, foni ndi kamera nazo zimaonetsa nambala yomweyo, pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri. Tchipi chake anachiphunzitsa kunama. Masiku oyamba zonse zimayenda. Malo enieni akadzaza, khadi limapitiriza kulandira zithunzi, mayina ake n'kumaoneka pa mndandanda, koma zikungotayika kapena kulembedwa pamwamba pa zakale. Ndi nkhokwe yobooka pansi: mwini amawerenga madengu omwe wathira, osadziwa kuti mkati mulibe. Wogulitsa pamsika mwina naye sadziwa, anangopikula.

Kuyesa kwake n'kosavuta ngati pali kompyuta. Pulogalamu yaulere ya H2testw pa Windows, kapena F3 pa Linux ndi Mac, imadzaza khadi lonse n'kuwerenganso kuti ione ngati zonse zabwerera. Popanda pulogalamu, dzazani khadilo ndi mavidiyo mpaka pakamwa, mulitulutse, mulibwezere, n'kutsegula oyamba, apakati ndi omaliza. Zimatenga nthawi, koma ndi bwino kuitaya Lachitatu kusiyana ndi Loweruka.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Opanga makamera salankhula mofanana. Mabuku a makamera ambiri a Sony amanena poyera kuti microSD ikhoza kugwiritsidwa ntchito ndi adaputa yoyenera. Makampani ena amangolemba mndandanda wa makhadi a SD omwe anawayesa, za adaputa osatchula. Nikon inachita kuika bowo la microSD pambali pa la SD m'kamera yake ya Zf mu 2023, kusonyeza kuti kakhadiko pakokha sakukakayikira. Ndiye kodi kusatchulako ndi chenjezo, kapena kungopewa kusenza mlandu wa chigoba chomwe sanapange iwo?

Ojambula nawo amagawanika. Gulu lina limati pa ntchito yosabwerezeka, monga ukwati, ubatizo kapena maliro, mfundo yowonjezera pa chingwe siyofunika, gula SD yeniyeni. Lina limayankha kuti kakhadi kenikeni kogula pamalo odalirika, m'chigoba chatsopano, n'kotetezeka kuposa SD yaikulu yosadziwika komwe yachokera, ndipo kwa munthu wa ku Furancungo kapena ku Chifunde, ulendo wokasaka SD yabwino uli ndi mtengo wake. Amatsutsananso ngati ndi bwino kukhala ndi khadi limodzi lalikulu kapena timakhadi tingapo: limodzi likafa zonse zapita, koma tambiri timasochera mosavuta, ndipo kusinthasintha ndiko kumalefula tizitsulo.

Funso lina ndi la mtsogolo. Mafoni ambiri atsopano, makamaka odula, alibenso bowo la microSD, ngakhale ma drone, tindege tojambula tija, ndi timakamera ta GoPro tikukagwiritsabe ntchito kakhadika. Mafoni otsika mtengo akadzatsatira, kodi kakhadika kadzapezekabe pa tebulo lililonse la pamsika? Makamera apamwamba asamukira ku mtundu wina wa khadi, CFexpress, yomwe liwiro lake chigoba cha microSD wamba sichingalifike. Kumbali inayi makhadi a CompactFlash akusowa, ndipo makamera akale omwe akudyetsa mabanja akudalira womasulira uja, amene opanga makamerawo sanamulonjezepo.

Ndipo pali funso lomwe limafika mpaka kwa ankhoswe. Zithunzi za ukwati zikatayika, eni ake atalipira kale, wolakwa ndani: wojambula amene sanayese khadi, wogulitsa amene anapikula labodza, kapena palibe? Ena ayamba kujambula ndi makamera a mabowo awiri kuti chithunzi chilichonse chilembedwe kawiri, ena amapempha mnzawo aimirire pambali ndi foni. Ngati mtengo wa chitetezo chimenechi uyenera kulowa m'malipiro a wojambula, akwati ndi ojambula akukambiranabe.